Mutu Wachisanu: Kamwana ka ku Loji

1. Mlendo pakati pa anthu

Ulemu Kachingwe anali atakhala ku Chintheche miyezi ingapo, koma munthu woti angamutche mnzake analibe. Anachokera ku Ntcheu ndi mayi ake, a Esnart, amene anapeza ntchito yochapa ndi kusita pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja. Awiriwa ankagona m'kachipinda kamodzi kuseri kwa khitchini ya pa lojipo. Mayi akalawirira ku ntchito, Ulemu ankatsala ndi makoma okhaokha.

Kusukulu nako kunali chimodzimodzi. Anzake a Fomu 2 sankamuda ayi, tisawanamizire. Akawafunsa kanthu ankamuyankha bwinobwino m'Chichewa. Koma belu la buleki likangolira, onse ankabwerera ku Chitonga chawo n'kumaseka mpaka kugwirana m'mapewa. Ulemu ankakhala payekha kuseri kwa kalasi akudya chinangwa chake, osadziwa ngati akuseka nthabwala kapena akuseka iyeyo. Zinkamuwawa kwambiri.

N'chifukwa chake analowa gulu la othamanga. Anaona kuti kumeneko sikufunika chilankhulo, bola miyendo. Ndipo miyendo anali nayo ndithu, ngakhale msinkhu unamumana. Anali wamfupi, woonda, moti yunifolomu inkamukhala ngati yobwereka.

M'gululo munali mtsikana wa Fomu 4 dzina lake Olive Manda, wamtali, wosakonda zolankhulalankhula. Pa sukulu yonse panalibe mtsikana womuposa liwiro. Nthawi iliyonse imene Ulemu wayesa kumamatira kumbuyo kwa akuluakulu, Olive ankacheuka n'kukuwa mawu amodzi kawiri. M'makutu mwa Ulemu mawuwo ankamveka kuti, "Kamwana, kamwana!"

Koma ndiye ankamubaya mumtima mawu amenewa! Akangomaliza kuthamanga, Ulemu ankatola chikwama chake n'kumapita kwawo osatsanzika munthu.

2. Makutu a ku Ntcheu

Lachisanu masana Ulemu anapeza mayi ake akusita nsalu zoyala pabedi. Anaponya chikwama pansi kuti phi.

"Mawa ndikamuonetsa Olive ameneyu," anatero. "Amanditchula kamwana pamaso pa anthu. Tsiku lililonse, amayi!"

A Esnart anaimika simbi n'kumuyang'ana. "Unamufunsa chimene amatanthauza?"

"Ndifunse chiyani? Makutu ndili nawo."

"Makutu uli nawo, inde, koma ndi makutu a ku Ntcheu," anatero mayiwo. "Tamvera, mwana wanga. Ife kuno ndife obwera. Anthu akuno ali ndi chilankhulo chawo, ndipo sanachipange kuti azinyozera iwe. Ine pano ndimagwira ntchito ndi Atonga, Atumbuka, Ayao. Mawu ena akandipita ndimaima n'kufunsa kuti, 'Achemwali, mwati chiyani?' Amandiseka pang'ono, kenako amandiuza, basi yatha. Koma iwe umatola mawu panjira, n'kudzawamasulira wekha m'chipinda muno, kenako n'kuyamba kutupa nawo. Umenewo si moyo. Komanso pakamwa pakopo ndikupadziwa ine. Ukapsa mtima umatulutsa zinthu zoti sungathe kuzibweza. Ukadzandichititsa manyazi kwa eni dera, ine ndi iwe tidzaonana."

"Ndamva," anayankha Ulemu.

Koma anali "ndamva" uja wa ana asukulu, wotuluka pakamwa mutu uli kwina. A Esnart anapukusa mutu n'kupitiriza kusita.

3. Mawu a aphunzitsi

Loweruka m'mawa othamanga onse anakumana pa bwalo la sukulu. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo dzuwa linatuluka litapsa kale mtima. Mphunzitsi wa zamasewera, a Howard Mhone, anaima pansi pa mtengo wa mango, wezulo ili m'khosi.

Tsikulo linali losankha. Atsikana atatu oyamba kubwerera pa mtengowo ndiwo akanapita ku Nkhata Bay kukapikisana ndi sukulu za m'boma lonse. Aliyense ankadziwa kuti malo oyamba ndi a Olive. Chaka chapitacho malungo anamulepheretsa kupita, ndipo chino chinali chaka chake chomaliza pa sukuluyo.

"Mverani bwino," anayamba a Mhone. "Gulu lakutsogolo lidutsa pa tala, litsikira m'minda ya chinangwa, lithamanga pamchenga, kenako likwera kubwerera kuno. Amenewa njirayi anayiyamba ali Fomu 1, miyendo yawo ikuudziwa mchenga. Inu atsopano mukatembenukire pa chigayo. Musaone ngati ndikukuderani. Kuthamanga ndi anthu okuposa n'kwabwino, amakukoka, koma uziwatsatira ndi nzeru. Muyeso wake ndi uwu: ukakumana ndi munthu wamkulu panjira n'kulephera kumupatsa moni chifukwa cha befu, dziwa kuti liwiro limenelo si lako. Chepetsa. Ukayamba kumva kuzizira kukutentha chonchi, kapena mutu ukayamba kuzungulira, ima pomwepo, funa mthunzi. Dzuwa la kunyanja kuno silidziwa kuti uyu amakhoza m'kalasi. Ine ndinaonapo mnyamata wa mphamvu zake akunyamulidwa ngati thumba la makala chifukwa chofuna kuonetsa anthu. Ndipo lamulo langa mukulidziwa. Wosamvera ndi wotukwana, m'gulu langa mulibe malo ake."

Kenako analoza ndi chala. "Iwe Ulemu, ndikunena iwe makamaka. Miyendo uli nayo, chaka chamawa ndi chako. Lero ukatembenukire pa chigayo."

Atsikana onse anacheukira kwa Ulemu. Olive nayenso anamuyang'ana n'kugwedeza mutu movomereza. Ulemu magazi anawira. Anawerama ngati akumanga zingwe za nsapato, pomwe zinali zomanga kale.

4. Kupitirira chigayo

Wezulo inalira, onse n'kuliyatsa liwiro.

Pa tala zinkayenda bwino. Ulemu anali wopepuka, mpweya ukulowa ndi kutuluka mosavuta. Minibasi ina inawadutsa, kondakitala atatulutsa mutu pawindo akukuwa kuti, "Limbani, alongo!"

Atafika pa chigayo, atsopano onse anatembenuka. Ulemu anaona misana ya gulu lakutsogolo ikukhotera kunjira yotsikira kunyanja. Mtsikana wina wa Fomu 1 anamuitana, "Ulemu, ndi pano!" Iye sanacheuke n'komwe. Anawonjezera moto mpaka anawapeza akuluakulu aja.

Tinene zoona, poyamba zinakoma. Mapazi ake ankagunda pansi limodzi ndi a anzake, di, di, di. Ankamva kupuma kwawo kumanja ndi kumanzere. Chibwerereni ku Chintheche, aka kanali koyamba kukhala pakati pa anthu, osati m'mphepete. Anasangalala mpaka kufuna kulira.

Koma akuluakulu aja anali asanayambe n'komwe. Atalowa m'kanjira ka m'minda ya chinangwa, Olive anatambasula miyendo, ndipo mnzake Jackie anamutsatira. Ulemu anakukuta mano. Chifuwa chinayamba kutentha, kukhosi kuli gwa.

Anakumana ndi bambo wina wachikulire atasenza nkhafi paphewa. Bamboyo anapatuka kuti ana adutse, ndipo mtsikana aliyense podutsa ankamupatsa moni wa Chitonga kuti, "Yewu, ada!" Ulemu anatsegula pakamwa, koma chimene chinatuluka ndi mpweya wokhawokha. Mawu a aphunzitsi anawakumbukira ndithu. Anangowakankhira kumbali.

Apa Olive anacheuka n'kumuona. Maso anatong'ola. Anakuwa mawu ake aja, mokweza kuposa masiku onse.

"Wayambanso," anatero Ulemu chamumtima, n'kuwonjezera liwiro.

Kenako anafika pamchenga. Mayo ine, mchenga wa ku Chintheche! Woyera mbee, wofewa, wokongola kwa alendo a pa loji, koma kwa wothamanga ndi mdani. Unkameza phazi lililonse n'kulibweza monyinyirika. Dzuwa linkamenya kuchokera kumwamba, mchenga n'kumabweza moto kuchokera pansi. Atsikana awiri anamudutsa Ulemu pafupi ndi pamene amayi ankayanika usipa. Wachitatu anamudutsanso.

Mwadzidzidzi anamva kuzizira kukuyenda kumsana, khungu lonse kuchita tsemwe. Mabwato a m'mphepete anayamba kuoneka awiriawiri.

Olive anali patsogolo pa onse. Anacheukanso, ndipo ulendo uno anachepetsa liwiro. Jackie anamudutsa, enanso anamudutsa, mpaka iye anafanana ndi Ulemu. Anamugwira pachigongono n'kunenanso mawu aja, motsitsa, pafupi ndi khutu.

Ulemu anakutumula dzanjalo. Mpweya wopereka moni kwa munthu wamkulu unasowa, koma wotukwanira unapezeka.

"Ndisiye! Kamwana ndi amako!"

Ha! Mwana iwe, Ulemu! Pakamwa pomwe paja mayi ako ananena.

Olive anamusiya ngati wagwira mbaula yamoto. Ulemu anasonkhanitsa kamphamvu kotsala n'kumudutsa, mutu uli m'mwamba. Sanapite patali. Nyanja inakwera kumwamba, thambo linatsikira pansi, ndipo iye anangoti khu, chafufumimba pamchenga wotentha.

5. Kapu ya madzi

Chimene anayamba kuzindikira n'chakuti ali kumsana kwa munthu. Munthuyo ankapuma mwa wefuwefu, malaya atanyowa ndi thukuta, akukwera kamtunda. Kenako kunadanso.

Atatsegulanso maso anapezeka atagona pamkeka, pakhonde la nyumba yachilendo. Mayi wina ankamuthira madzi m'mutu ndi m'khosi, uku akumukupiza ndi lichero. Anali mayi ake a Olive, amene anthu ankawatchula aNyalongwe. Nyumba yawo inali chakumtunda pang'ono kwa pamene Ulemu anagwera.

"Wadzuka," anatero mayiwo. "Yewu, Chiuta. Dzuka pang'ono, tsamira khomali."

Anamubweretsera kapu ya madzi othira shuga ndi kamchere. Ulemu anaigwira ndi manja awiri n'kuyamba kugugudiza. ANyalongwe anaibweza kapuyo msanga.

"A-a! Kamana-kamana, mwana wangu. Kamana-kamana."

Ulemu anauma thupi. Mawu omwe aja! Koma pano panalibe befu, panalibe mphepo, ndipo anawamva bwinobwino. Munalibe mwana m'mawuwo.

"Mwati chiyani, amayi?" anafunsa. Funso lomwe lija anakana kufunsa miyezi yonseyi.

"Ndati kamana-kamana. M'Chichewa chanu mumati pang'onopang'ono. Ukamwa mothamanga usanza."

Ulemu anayang'ana kumapeto kwa khonde. Olive anali atakhala pamenepo, atavula nsapato, akuyang'ana kumtunda kumene kunali sukulu. Chapatali kunamveka wezulo, kenako nthungululu za ana asukulu. Oyamba anali atafika pa mtengo wa mango. Olive anatola nsapato imodzi n'kuyamba kukhuthula mchenga.

"Ndiwe wa ku loji uja, eti?" anapitiriza aNyalongwe, akumupukuta pamphumi ndi nsonga ya chitenje. "Olive amakamba za iwe pakhomo pano. Amati, 'Ama, kwabwera mtsikana wa miyendo yabwino, koma amayamba ndi moto. Ndimamuuza kuti achepetse, samva.' Ine ndinati mwina ndi wamanyazi, udzabwere naye adzalawe kondowole, nsima yathu ya chinangwa. Iye akuti mukangomaliza umathawa osayang'ana munthu. Mwana wanga, kwa eni sumakhala wekhawekha choncho. Taona lero. Ukanagwera kopanda anthu, bwenzi pano tikunena zina. Mayi ako akanatani, ali kuno kutali ndi abale awo? Thupi ili limalankhula, likati ndatopa uzilimvera. Ndipo ndikuuze chinthu china chimene ana simuchiganiza. Ukamafuna kuonetsa anthu mphamvu, umaona ngati nkhaniyo ndi yako yokha. Ayi. Ukagwa, pamakhala wina amene amasiya zake kuti akunyamule. Lero wasiya zake ndi uyu."

Mawu awo anali ofatsa, opanda mkwiyo, ndipo n'chimene chinapweteka kwambiri. Ulemu anayang'ana manja amene ankamupukutawo. Anali manja a mayi yemwe iye anamutukwana pamchenga. Manyazi anamugwira moti anakhumba dothi litang'ambika kuti alowe.

ANyalongwe atalowa m'nyumba kukatenga madzi ena, Ulemu anadzikoka kufupi ndi Olive.

"Pepani, achemwali," anatero. "Ine ndinkamva ngati mukuti kamwana."

Olive anamuyang'ana koyamba. Maso ake anali ofiira. "Ndiye nthawi yonseyi umaona ngati ndikukunyoza?"

"Eya."

"Osafunsa?"

Ulemu anaweramitsa mutu.

"Ine ndikamathamanga Chichewa chimandithawa, chimabwera ndi chakwathu," anatero Olive. "Mwina pamenepo ndinalakwa. Koma zimene unanena iwe ndinazimva bwinobwino. Chichewa ine ndimamva."

"Zimene ananena ziti?" anafunsa aNyalongwe akutuluka ndi jagi.

"Palibe, ama," anayankha Olive, n'kupitiriza kukhuthula mchenga.

6. Funso pa mphambano

Mphamvu zitabwerera, Olive anamuperekeza Ulemu mpaka kumsewu wafumbi. Ulemu ankafuna kunena zambiri, koma liwu lililonse limene ankaliganiza linkaoneka laling'ono.

Olive anaimitsa wakabaza wina wodziwana naye n'kumuthandiza Ulemu kukwera. Analankhula ndi bamboyo m'Chitonga, akuloza cha ku loji. Pa zonse zimene ananena, Ulemu anatolapo mawu amodzi okha: kamana-kamana. Ngakhale apa, Olive ankauza munthu kuti amuyendetse bwino.

Kenako anatembenuka n'kumatsika kwawo, nsapato zili m'manja. Sanacheuke.

Ulemu analira chamumtima pa kabazapo. Miyezi yonseyi ankadandaula kuti alibe mnzake, pomwe mnzakeyo ankamuitana tsiku lililonse. Anali wosungulumwa chibwerereni ku Chintheche, koma kusungulumwa kwa tsiku limeneli kunali kwina, chifukwa anakupanga yekha.

Pa mphambano yopita kusukulu anakumana ndi a Mhone akubwera chothamanga, malaya atanyowa. Anakweza dzanja, wakabaza n'kuima. Kubwalo kunkamveka nyimbo za atsikana amene apambana.

"Ulemu! Takhala tikukufunafuna. Uli bwino?"

"Ndili bwino, aphunzitsi."

Anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mchenga unali udakali m'tsitsi ndi m'maondo.

"Pa chigayo palibe mchenga," anatero a Mhone mwapang'onopang'ono. "Tamvera. Olive sanafike. Jackie akuti anangomuona akuchepetsa liwiro n'kutsalira, akuganiza kuti anatopa. Ngati anasiya yekha, nkhani yatha, malo ake apita kwa wina. Koma ngati pali chimene chinamuimitsa, ndikufuna ndichimve tsopano, ndisanapereke mayina kwa ahedi. Chonse, osabisa kanthu. Iwe ukudziwapo chiyani?"

Ulemu analikumbukira lamulo lija. Wosamvera ndi wotukwana, ndipo iye anali zonse ziwiri. Akanena zoona, gulu lokhalo limene anali nalo ku Chintheche limuthera pomwepo. Akakhala chete, Olive sapita ku Nkhata Bay, ndipo Olive si munthu woti angadzinenere.

Anatsika pa kabaza. Anacheuka kunjira yotsikira kunyanja. Kunalibe munthu, kunali chinangwa chokhachokha chikugwedezeka ndi kamphepo. Panalibe womulankhulira.

"Aphunzitsi..." anayamba.

A Mhone anavula wezulo m'khosi, anaiika m'thumba, n'kupinda manja.

"Ndikudikira," anatero.